Mwana Wakhoza Mayeso, Nanga Ntchito? Zimene Ndinaona ku Cape Town

Abale anga a ku migodi, a ku Rustenburg, a ku Welkom ndi a ku Carletonville, ambiri a inu mumatsika pansi m'mawa ndi mtima umodzi, wakuti mwana wanu asadzagwire fosholo monga inu. Nkhani iyi ndalembera inu amene mukusunga ndalama kuti mwana adzaphunzire pa sukulu zazikulu za kuno ku South Africa. Ndinapita ndekha ku Cape Town m'chaka cha 2025, ndipo ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa ku Dedza, amaphunzira za makina pa Cape Peninsula University of Technology, ku Bellville. Fizi ndimalipira ine, monga ayenera kuchitira malume. Zaka ziwiri zinapita bwino. Tsono tsiku lina usiku anandiimbira lamya, mawu ali ozizira, nati, "Amalume, mayeso onse ndakhoza, koma dipuloma sindingalandire ndisanagwire ntchito ya manja pa kampani miyezi ingapo. Ndayenda miyezi inayi, palibe wandilola." Ntchito yophunzirira imeneyi ana asukulu amaitcha in-service. Ine ndinali ndisanaimvepo. Ndinkayesa kuti munthu ukalipira fizi, mwana nakhoza, zatha.

Ndinapempha tchuthi, ndinakwera basi ku Park Station mu Johannesburg. Mtundawo ndi wautali, makilomita ngati 1,400, usiku wonse m'chipululu cha Karoo, mmene munthu uyenda maola osaona mudzi. Kutacha bwino tinaona phiri lija lafulati pamwamba ngati tebulo, ndi nyanja kutsogolo kwake. Mphepo ya kumeneko njoipa, inandilanda chipewa ndisanatuluke n'komwe pa siteshoni.

Mnyamatayo ndinampeza wawonda. Anandionetsa kope limene analembamo makampani onse amene anawatumizira kalata ya mbiri ya maphunziro ake, imene amati CV. Ambiri sanayankhe. M'mawa mwake ndinati, "Tiye, ndikaone ndekha." Tinayenda masiku atatu m'madera a mafakitale, ku Epping, ku Montague Gardens ndi ku Paarden Eiland, kugogoda pa geti lililonse. Pa kampani ina, imene sinditchula dzina, mayi wa mu ofesi anawerenga mapepala ake mokondwa, nayamikira mmene anakhozera. Koma atafunsa nambala ya chitupa cha dziko lino, mnyamata n'kutulutsa pasipoti ya Malawi, nkhope ya mayiyo inasintha. Anabweza mapepala mwaulemu, natiperekeza mpaka pakhomo.

Poyamba ndinakwiya, ndinayesa n'chidani chabe. Koma nditafunsa kwa odziwa, ndinapeza kuti nkhaniyi ili ndi mizu yake, ndipo ndi bwino kuti muidziwe. Mwana wochokera kunja amakhala kuno ndi viza ya sukulu, monga mwa lamulo la za olowa m'dziko la 2002. Viza imeneyi imamlola kugwira ganyu, koma osapitirira maola 20 pa sabata. Bwana wolemba ntchito mlendo wopanda chilolezo amalakwira lamulo, ndipo akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa. Tsono mabwana ambiri, posafuna kuvutika kuwerenga mapepala, amangoti iyayi. Palinso lamulo lina la 2003 lotchedwa B-BBEE, lokweza anthu akuda a dziko lino amene anaponderezedwa nthawi ya tsankho. Kampani ikaphunzitsa ntchito mwana wakuda wa kuno, imawerengeredwa zabwino, ndipo zimaithandiza kupeza ntchito za boma. Ikaphunzitsa mwana wa ku Dedza, ngakhale akhale wakuda ngati makala, siwerengeredwa kanthu. Tisanyoze eni dziko pa ichi, pakuti achinyamata awo osowa ntchito ndi ochuluka zedi, ndipo mayi ayamba wagawira ana ake asanaone a mnansi. Koma ife tidziwe kuti mwana wathu aima kumbuyo kwa mzere.

Za maola 20 aja, werengani nokha. M'chaka cha 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma anali R28.79 pa ola. Maola 20 ndiwo R575.80 pa sabata. Mwana akalipira lendi ya chipinda, nakwera minibasi, nagula ufa ndi ndiwo, palibe chotsala. Tsono munthu asakunamizeni kuti mwana akangofika ku Cape Town adzadzilipirira yekha sukulu ndi maganyu. Thandizo la boma la ana asukulu, lotchedwa NSFAS, n'la nzika za South Africa ndi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale basi. Komanso viza ya sukulu siituluka popanda kulipiriratu thumba la chipatala la kuno. Chimene chitipepuza ife ndi pangano la maiko a SADC la za maphunziro, limene linasainidwa kwathu komwe ku Blantyre mu 1997, lakuti ana a maiko amenewa azilipira fizi monga ana a eni dziko, ngakhale sukulu zimaonjezerapo ndalama ina ya alendo.

Madzulo a tsiku lachitatu tinakhala pansi pafupi ndi doko, miyendo itatupa, tikuona zombo. Ndinamuuza mnyamatayo kuti iye si woyamba kuyendayenda m'misewu imeneyi ndi maphunziro m'mutu, m'thumba mulibe kanthu. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, anagwirako ukalaliki m'migodi ya ku Rhodesia, nafika mu Cape Town mu 1918. Mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU pamodzi ndi amuna a padoko lomweli, ndipo dzina lake linamveka dziko lonse. Mnyamata anangomwetulira, nati, "Amalume, iwo aja sanawafunse viza ya sukulu." Ndinasowa choyankha.

Chithandizo chinadzera kumene sitinayembekeze. Lamulungu tinakapemphera ndi Amalawi anzathu, pakuti ali ambiri mu Cape Town, ku Dunoon, ku Hout Bay ndi ku Masiphumelele, ena osamalira maluwa, ena ophika m'nyumba za anthu. Titatuluka m'tchalitchi ndinafotokoza vuto lathu poyera, ngakhale mnyamata anachita manyazi, chifukwa iye wa ku yunivesite sankafuna kudandaula kwa anthu otchetcha kapinga. Mkulu wina wa ku Mulanje, amene wagwira m'dimba la bwana mmodzi zaka zambiri, anati, "Bwana wanga ali ndi galaja yokonza injini za maboti ku Paarden Eiland. Ndikamlankhula." Safunsa anadya phula.

Lachitatu tinaitanidwa. Tsiku limeneli mnyamata anatenga kalata ya ku sukulu, yodindidwa, yonena kuti ntchitoyo ndi mbali ya maphunziro ake, ndiponso miyezi imene iyenera kutenga. Kalata imeneyi ndiyo inachotsa mantha a mwini galaja. Anaiwerenga kawiri, naimbira lamya ku sukulu kuti atsimikize. CV sanaiyang'ane n'komwe. Analoza pampu yakale ya madzi imene inali pakona, nampatsa bokosi la masipanala, nati aimasule, anene chavuta, aibwezere. Ine ndinaima panja mtima uli m'mwamba, monga tsiku lija ndinayamba kulowa m'khetshi. Patapita ola limodzi ndi theka mnyamata anatuluka manja ali bii, atapeza kuti beringi inadyeka. Anampatsa ovolosi ndi nsapato zachitsulo tsiku lomwelo. Malipiro ndi ochepa, ongokwanira minibasi ndi chakudya chamasana, koma kapitawo amasaina buku lake la ntchito sabata ndi sabata, ndipo bukulo ndilo lidzatulutsa dipuloma.

Mawu awiri a mapepala, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa. Mmalawi amalowa kuno ndi masiku 30 ocheza, koma sangasandutse masiku amenewo kukhala viza ya sukulu ali m'dziko muno. Pempho lichitike kwathu, mwana asananyamuke. Viza ikayandikira kutha, apemphe yatsopano kutatsala masiku 60. Wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapitirira masiku oposa 30, zaka zisanu. Ganizani ndalama zanu za pansi pa nthaka zikutayika motero, mwana atatsala ndi chaka chimodzi chokha! Za anthu ogulitsa zidindo kumbuyo kwa masitolo sindinenapo zambiri, mukuwadziwa.

Usiku wotsiriza ndinamfunsa chimene adzachita akalandira dipuloma, chifukwa viza ya sukulu imatha pamodzi ndi sukuluyo. Kuti akhalebe kuno afunika viza ya ntchito. Ilipo ina ya anthu a luso losowa m'dziko, koma ntchito yake iyenera kupezeka pa mndandanda wa boma, ndipo pa viza wamba ya ntchito, kuyambira mu 2024 amawerenga maphunziro, malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito, zinthu zimene mwana wongotuluka sukulu ali nazo zochepa. Iye anati akuganiza zokayesa ku mafakitale a shuga kwathu, ku Nchalo kapena ku Dwangwa, kumene mapampu ndi ambiri, koma mtima wina ukufuna kutsala. Sindinamkakamize.

Anandiperekeza ku basi atavala ovolosi yake, popeza amapita ku ntchito. Anandipatsa chithunzi cha tsamba loyamba la buku lija, losainidwa, kuti ndikatumize kwa amayi ake ku Dedza, ndipo anandikumbutsa kuti lendi ya mwezi wamawa ikadali pa ine.