Mulu wa tomato ukuchepa, koma mbale ya mwana isachepe

Mayi, mukukumbukira mulu wa tomato umene munkagula zaka zingapo zapitazo? Tomato asanu akuluakulu, wogulitsa n'kuonjezerapo mmodzi waulere. Lero pa mulu pali atatu ang'onoang'ono, woonjezera uja adasowa kalekale. Mtolo wa mpiru wawonda, usipa ukuchita kuwerengeka, mafuta ophikira tikugula a m'timachubu. Ndalama ya K5,000 itatuluka mu 2022 inkadzaza dengu. Lero mukabwera nayo ku msika kajumbo sikalemera n'komwe.

Musadziimbe mlandu kuti mwasiya kusamala ndalama. Vutoli lachokera patali.

N'chifukwa chiyani zinthu zakwera chonchi?

Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Feteleza, mankhwala a mbewu ndi mafuta a galimoto timagula kunja, ndiye kwacha ikagwa zonsezi zimakwera. Mlimi wa tomato ku Ntcheu kapena ku Dedza amalipira zambiri kuti alime, galimoto yonyamula madengu imakweza mtengo, mayi wopikula naye amafuna kapindu koti adyetse ana ake. Mitengo yonseyi imadzakumana pa mulu umene inu mukugula.

Nyengo nayo sidatichitire chifundo. Namondwe wa Freddy adakokolola minda m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Chaka chotsatira ng'amba idapsereza chimanga, mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chikakwera, ndalama yonse ya pakhomo imathamangira ku ufa, ya ndiwo n'kutsala yochepa.

Njala yosaoneka

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndalama ikachepa, palibe mayi amene amayamba wachepetsa nsima. Timayamba tasiya dzira, zipatso, nsomba ndi nsinjiro. Mwana amakhuta ndithu, sadandaula, koma thupi lake likusowa zolimangira.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo oposa theka anali ndi vuto lochepa magazi. Apo n'kuti mitengo isanafike pomwe yafikapa. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo zimene zawonongeka m'masiku amenewa n'zovuta kuzibweza. Zimakhudza msinkhu, nzeru za m'kalasi ndi mphamvu zolimbana ndi matenda.

Ku sikelo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Funso la lero ndi lakuti magulu amenewa tiwapeza bwanji ndi ndalama yomwe ili m'chikwamayi.

Gulani motsata nyengo

Tomato amadula kwambiri m'dzinja chifukwa mvula imabweretsa matenda ku mbewuyi. Koma nthawi yomweyo ndi pamene bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya ndi therere zimamera ponseponse. Masamba amenewa tisawaone ngati ndiwo za osauka: obiriwira kwambiri otere amaposa kabichi pa vitamini A ndi mchere wa ayironi wothandiza magazi. Mukatendera ndi nsinjiro, simufunanso mafuta a m'botolo, ndipo mwapeza magulu atatu m'poto mmodzi.

Zipatso nazo zili ndi nyengo yake. Mango ndi masuku kumapeto kwa chaka, mapeyala ndi magwafa mvula ikamapita kumapeto, masau, malambe ndi bwemba m'chilimwe. Chipatso cha pa nyengo yake chimatsika mtengo, mwinanso chili pa mtengo wa kuseri kwa nyumba. Mpatseni mwana chipatso atangodya, chifukwa chimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba. Tiyi ndiye amatchinga, choncho asamamwere pa chakudya.

Nyama ikakanika, musataye mtima. Kadzanja ka bonya kapena usipa, kokazinga n'kusinja bwino pamodzi ndi mitu ndi minga yomwe, kamakwana kuthira m'phala la mwana masiku angapo. Dzira limodzi, ngumbi pa nyengo yake, nyemba, nandolo, khobwe ndi soya zonse zimamanga thupi. M'malo mwa buledi wa m'mawa, yesani mbatata yofiira mkati, imene ili ndi vitamini A wambiri, ndipo masamba ake ndi kholowa wa masana.

Futsani pamene zachuluka

Agogo athu sankagula masamba mu Okutobala. Ankafutsa. Nkhwani ndi khwanya zikachuluka, zitsukeni, muziviike m'madzi owira kwa mphindi zochepa, kenaka muyanike pa thandala loyera, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limapha zina mwa zofunika za m'masamba. Mfutso ukauma bwino, sungani m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka. Tomato naye akatsika mtengo m'chilimwe mutha kumudula mopyapyala n'kuyanika.

Pophika, musapsereze masamba mpaka kusanduka akuda, musataye msuzi wake, ndipo soda muchepetse chifukwa amawononga mavitamini.

Kadimba ka pakhomo

Ngakhale muli pa lendi m'tauni, thumba lakale la feteleza lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limabereka mpiru wothyola kangapo. Madzi otsukira mpunga ndi masamba ndi othirira. Amene muli ndi malo, bzalani mapapaya awiri ndi chammwamba. Kamtolo kamodzi kamene simunagule lero ndi ndalama ya dzira la mwana.

Chenjerani ndi zotchipa zina

Pali zotsika mtengo zimene zimadzadula ku chipatala. Mtedza ndi chimanga za chuku zili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Sankhani, mutaye zowola ndi zofota, musazisinjire m'phala la mwana. Mafuta okazingira kambirimbiri mpaka kuda, nsomba yonunkha ndi tomato wophulika wotera ntchentche, zisiyeni. Onaninso timapaketi tonona ndi zakumwa zotsekemera zimene ana amalirira popita ku sukulu. Ndalama yomweyo ingagule nthochi kapena mtedza wabwino.

Mutu umodzi susenza denga

Wogula mulu umodzi amalipira zambiri kuposa wogula dengu. Amayi asanu kapena khumi mutasonkha, n'kutuma awiri kukapikula dengu la tomato, thumba la nyemba kapena chigoba cha usipa m'mamawa pamene alimi akutsitsa katundu, aliyense apeza zochuluka pa ndalama yomweyo. Magulu a banki m'khonde angapatule kandalama kogulira nyemba ndi mtedza nthawi yokolola, mitengo isanakwere. Ndipo inu amene mumalima, musagulitse zonse kwa mavenda mu Meyi n'kudzagulanso zomwezo modula mu Januwale.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, aliyense abwere ndi mbewu imene ali nayo, ya bonongwe, maungu, khobwe kapena zibwenkha za mbatata, mugawane. Pezani mayi wachikulire wodziwa kufutsa aphunzitse achitsikana. Mufunsanenso mwakachetechete kuti m'dera lanu ndi khomo liti limene muli mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka ziwiri koma ndiwo zikusowa. Kamtolo koyamba ka m'dimba lanu kakayambire kumeneko.