Oyilo Wadzulo Wada Kale: Kodi Atibera?

Alimi anzathu, makina a koperativa ndi chuma cha tonse. Chigayo, thirakitala, lole ndi pampu yothirira ndiwo zamasamba tinagula ndi thukuta lathu. Zonsezi zili ndi injini, ndipo injini iliyonse imafuna oyilo.

M'magulu ambiri mumabuka mkangano wotere. Msungichuma wapereka ndalama za oyilo watsopano. Makaniko wasintha oyilo. M'mawa mwake wina asolola kachitsulo koyezera, napeza oyilo ali bii! Pomwepo mawu ayamba: "Atibera! Sanasinthe oyilo ameneyu!" Tisanaloze munthu chala, tiyeni tiphunzire. Safunsa anadya phula.

Ntchito ya oyilo

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimakhulana mofulumira kwambiri. Oyilo amagwira ntchito zinayi. Amafewetsa zitsulo kuti zisadyane. Amachotsako kutentha. Amatseka timipata kuti mphamvu isathawe. Amatsukanso litsiro.

Chifukwa chiyani oyilo amada msanga?

Oyilo watsopano amaoneka ngati uchi. Koma dizilo akamayaka amasiya mwaye, monga nkhuni zisiyira mwaye kudenga la khitchini. Mwaye wina umatsikira m'oyilo. Opanga oyilo amaikamo mankhwala ogwira mwayewo kuti uziyandama, usakakamire pa zitsulo. Ndiponso posintha oyilo, wakale samatuluka yense. Wina amatsalira m'makona a injini, nasakanikirana ndi watsopano.

Nchifukwa chake m'injini ya dizilo oyilo angathe kuda pa tsiku limodzi lokha. Kuda kumeneku si umboni wa kuba ayi. Madzi ochapira zovala akada, ndiye kuti sopo akugwira ntchito. M'galimoto ya petulo oyilo amachedwa kuda, chifukwa petulo sasiya mwaye wambiri.

Nanga gulu lingadziwe bwanji kuti oyilo wasinthidwadi? Mamembala awiri akhalepo pa tsiku losintha. Aone chigubu chisanatsegulidwe. Aone fyuluta yakale itachotsedwa. Mlembi alembe zonse m'buku.

Chifukwa chiyani oyilo amatsika?

Fyuluta ndi sefa ya oyilo. Yatsopano imakhala yopanda kanthu m'kati. Mukaliza injini koyamba, fyuluta imamwa oyilo mpaka kudzaza. Mukayezanso mudzapeza kuti oyilo watsika pang'ono. Sanatayike ayi, ali m'fyuluta.

Tsono mukasintha oyilo chitani izi:

1. Lizani injini pang'onopang'ono. Musaponde moto.
2. Yang'anani nyali yofiira ya oyilo. Iyenera kuzima pakangopita kamphindi kochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani injini msangamsanga.
3. Suzumirani pansi. Onani ngati oyilo akudontha pa fyuluta kapena pa bauti yokhetsera.
4. Zimitsani injini ndipo dikirani mphindi 5 kapena 10 kuti oyilo atsikire pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
5. Pukutani kachitsulo koyezera ndi kansalu koyera, kalowetseni, kasololeninso. Makina akhale pamalo osapendekeka.

Pa kachitsuloko pali mizere iwiri. Oyilo akhale pakati pa mizereyo, kufupi ndi wapamwamba. Ena amati, "Tithire wambiri kuti akhalitse." Ayi ndithu! Oyilo akachuluka, zitsulo zozungulira zimamupakasa mpaka achite thovu. Thovu silifewetsa chitsulo. Oyilo wochuluka amayambanso kuchucha m'malo olumikizira.

Oyilo ndi kutentha kwa ku Tete

Mzinda wa Tete ndi wotentha zedi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri. Inu a ku Francisco Manyanga mukudziwa bwino zimenezi. Oyilo akazizira amalimba ngati phala. Akatentha amasungunuka, nayenda ngati madzi. M'injini yogwira ntchito oyilo amafika pafupi ndi madigiri 100, pamene madzi amawira.

Werengani manambala pa chigubu. Pa oyilo wa injini zambiri za dizilo pamalembedwa 15W-40. Nambala 15W ikunena za mmene oyilo amayendera injini ikazizira. Nambala 40 ikunena za kulimba kwake injini ikatentha. Gulani oyilo wa nambala imene yalembedwa m'buku la makina anu. Musagule oyilo wa m'mabotolo otsegula kale, opanda dzina. Simudziwa chimene chili m'menemo.

Mdani wina ndi fumbi. Lole yopita kukatenga chimanga cha ku Angónia, ikasiya tala ndi kulowa m'misewu ya kumidzi, imapuma fumbi lambiri. Chigayo nacho chimapuma fumbi la ufa tsiku lonse. Fumbi likalowa m'oyilo limanola zitsulo ngati mchenga. Choncho samalani sefa ya mpweya, ndipo pukutani pakamwa pa injini musanathire oyilo.

Zizindikiro zoopsa

Kuda kokha sikuopsa. Zoopsa ndi izi:

Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo.
Oyilo akakwera yekha pa kachitsulo, nanunkha dizilo, mafuta akudonthera m'kati.
Mukamufikisa pa zala n'kumva timchenga, kapena kuona tizitsulo tonyezimira, injini ikudyeka.
Utsi wobiriwira ngati thambo ukamatuluka, injini ikuwotcha oyilo.

Mukaona chimodzi mwa izi, imitsani makina ndi kuitana makaniko. Kuima tsiku limodzi n'kwabwino kusiyana ndi kupha injini pakati pa nyengo yolima.

Tisinthenso liti?

Musaweruze ndi maso. Werengani maola kapena makilomita. Mathirakitala ambiri amafuna oyilo watsopano pa maola 250, ena pa maola 500. Injini zing'onozing'ono za pampu zimafuna kusintha msanga kuposa apo. Buku la makina ndilo lidzakuuzani. Kumalo otentha ndi a fumbi ngati kuno, ndi bwino kusintha nthawi isanakwane kwenikweni. Posintha oyilo sinthaninso fyuluta.

Oyilo wakale apite kuti?

Oyilo wakale ndi poizoni. Musapake pa chilonda. Musapake ng'ombe kapena mbuzi pofuna kupha nkhupakupa. Musathire m'dimba, m'ngalande kapena mu mtsinje wa Zambezi. M'chigwa cha Nhartanda anthu amalima ndiwo zamasamba, ndipo pansi pake pali madzi amene mzinda umamwa. Oyilo wothiridwa pansi amalowa m'nthaka mpaka kukapeza madziwo. Sungani oyilo wakale m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, ndipo funsani ku garaja kumene mungakamusiye. Mukatha ntchito sambani m'manja ndi sopo.

Mafunso okambirana

1. Tchulani ntchito zinayi za oyilo.
2. Chifukwa chiyani oyilo amada msanga m'injini ya dizilo?
3. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, chalowamo n'chiyani?
4. Ndani amasunga buku la makina m'gulu lanu?

Ntchito yolemba

Jambulani mizere inayi m'kope lanu. Pamwamba lembani mawu awa: Tsiku, Maola, Malita, Mboni. Kuyambira lero, gulu lanu lizilemba m'menemo nthawi zonse likasintha oyilo.