Jinja: Ntchito Yake ndi Malire Ake

Lero tikambirane za jinja, muzu uja wonunkhira umene amayi amagulitsa m'milumilu pa msika wa Kapata mu Chipata. Kunena zoona, jinja ndi tsinde lokwawa pansi pa nthaka, ngakhale tonse timautcha muzu. Kwawo kwa mbewu imeneyi ndi ku Asia, ndipo asing'anga a ku China akhala akuchiza nayo kwa zaka pafupifupi 2,000. Iwo amasiyanitsa jinja wamuwisi ndi wouma, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake.

Kodi jinja amathandiza chiyani? Ntchito imene madokotala aitsimikiza koposa ndiyo yoletsa mseru ndi kusanza, makamaka kwa amayi apakati m'miyezi yoyamba. Mphamvu imeneyi imachokera m'mafuta owawa otchedwa gingerol, amene amafulumizitsa chakudya kuchoka m'mimba. M'chaka cha 1999 bungwe la World Health Organization linalemba jinja m'buku lake la zomera zamankhwala. Madzi ake otentha amafewetsanso kukhosi pa nthawi ya chimfine.

Koma mankhwala alionse ali ndi muyeso. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 a ufa wa jinja pa tsiku, ndiwo masupuni aang'ono awiri. Mayi wapakati alekere pa galamu 1, ndipo ayambe wafunsa anamwino ku sikelo. Jinja wochuluka amadzetsa chilungulira ndi kutsekula m'mimba. Tsono achenjere koposa onse ndi iwo akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, pakuti jinja angaonjeze kutaya magazi. Odwala shuga ndi oyembekeza opaleshoni auze dokotala asanayambe kumwa jinja tsiku ndi tsiku.

Ngozi yaikulu ndiyo kuchedwa kupita ku chipatala. M'zaka za 2020 ndi 2021, pa mliri wa Covid-19, ambiri anakhulupirira jinja, mandimu ndi adyo. Izi zimapepuza chifuwa, koma sizipha kachilombo. Malungonso samva jinja. Mwana akatentha thupi, kaya muli ku Chipata, ku Katete kapena ku Chadiza, thamangirani naye kukapimitsa magazi tsiku lomwelo, chifukwa malungo angaphe mwana m'masiku owerengeka.

Kotero imwani jinja mwa muyeso, ndipo matenda akulimba muwapereke kwa dokotala.