Magemu awiri, foni imodzi: tisankhe iti kuno kumudzi?

Mpira ndi bawo sizidathe m'midzi mwathu, koma mafoni amakono abweretsa masewero ena amene makolo ambiri sakuwadziwa. Mukaona mnyamata atakhala duu pakhonde la golosale maso ali pafoni, musafulumire kunena kuti ali pa WhatsApp kapena akubetcha mpira. Nthawi zina amakhala akudula mitengo, kuwedza nsomba kapena kulimbana ndi chinjoka m'dziko longopeka, limodzi ndi anzake a ku Brazil kapena ku Germany amene sadawaonepo ndi maso.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo magemu amenewa ndimasewera nawo. Aphunzitsi anzanga komanso achinyamata amene adamaliza Fomu 4 amandifunsa kawirikawiri kuti pakati pa Old School RuneScape ndi Albion Online, yabwino ndi iti. Funsoli limaoneka lachibwana, koma kuseri kwake kuli ndalama za bandulo, batire ya foni ndi maola ambirimbiri a munthu amene ali ndi munda, ntchito kapena mayeso. N'chifukwa chake ndaganiza zoliyankha patsamba lino, kuti nawonso makolo amve.

Magemu a mtundu umenewu amasiyana ndi a mpira amene amatha pakapita mphindi zochepa. Wosewera amapanga kamunthu kake, n'kukapatsa dzina, ndipo kamunthuko kamakhala m'dziko la mafumu, malupanga, amatsenga ndi zilombo. Dzikolo limasungidwa m'makompyuta akuluakulu a kunja otchedwa maseva, ndipo anthu zikwizikwi amalowamo nthawi imodzi kudzera pa intaneti. Ukazimitsa foni, dziko limapitirirabe, ndipo ukabwerera mawa umayambira pamene udasiyira. Za matsengazo makolo asade nazo nkhawa, ndi nthano chabe zojambulidwa pakompyuta, monga mmene agogo ankatisimbira za Napolo. Choopsa chenicheni pamagemuwa ndi nthawi ndi ndalama zimene amadya.

Magemu otchuka kwambiri a mtunduwu, monga World of Warcraft imene idatuluka mu 2004, amafuna kompyuta yamphamvu ndi magetsi odalirika, choncho ambiri a ife timangowamvera mbiri. Awiri amene ndatchula aja ndi amene munthu angasewere pa Tecno kapena Samsung yake, ndipo onse amayambika kwaulere.

Tiyambe ndi Old School RuneScape. Gemu ya RuneScape idayamba mu 2001, yopangidwa ndi Andrew Gower ndi mbale wake Paul, ndipo kampani yake, Jagex, ili ku Cambridge m'dziko la England. Gemuyo itasintha kwambiri, osewera akale adadandaula, ndipo mu 2013 kampaniyo idabwezeretsa gemu monga idalili mu 2007. Imeneyi ndiyo Old School, ndipo idafika pafoni mu 2018. Zithunzi zake n'zachikale ndithu, anthu ake amaoneka ngati zidole zadongo. Koma chikalecho ndiye mwayi wathu, chifukwa siidzaza foni ndipo siimeza bandulo msanga.

Mmenemo munthu amayambira m'tawuni yaing'ono ya Lumbridge, ndipo imodzi mwa ntchito zoyamba ndi kupezera wophika wa kunyumba yachifumu dzira, mkaka ndi ufa wa tirigu. Pali maluso oposa 20, monga usodzi, kuphika, kukumba miyala, kusula zitsulo ndi kumenya nkhondo, ndipo luso lililonse limakwera mpaka pa 99. Apa pali masamu amene ndimakonda kuonetsa anthu. Kuti luso limodzi lifike pa 99 pamafunika mapointi 13,034,431, ndipo theka la mapointi amenewa limangokufikitsa pa 92. Kutanthauza kuti masitepe asanu ndi awiri omaliza ndi ofanana ndi ulendo wonse umene wayenda kale. Gemuyi ndi ya anthu odekha, amene amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti zinthu zatsopano zambiri sizilowa m'gemuyi osewera asanaponye voti. Kampani imabweretsa ganizo, ndipo likapanda kuvomerezedwa ndi osewera 70 mwa 100 alionse amene avota, limagwa.

Albion Online ndi yatsopanoko. Idapangidwa ndi kampani ya Sandbox Interactive ya ku Berlin m'dziko la Germany, idatuluka mu 2017, idakhala yaulere mu 2019 ndipo idafika pafoni mu 2021. Zithunzi zake n'zowala, ndipo nkhondo zake n'zothamanga magazi. Munthu sasankhiratu kuti akhala msilikali kapena wamatsenga. Ukanyamula uta ndiwe mlenje, ukasintha n'kutenga nkhwangwa wasanduka wankhondo.

Mtima wa Albion ndi malonda. Pafupifupi chida chilichonse ndi chovala chilichonse chimapangidwa ndi osewera eni ake. Mizinda yake, monga Martlock, Thetford, Lymhurst, Bridgewatch, Fort Sterling ndi Caerleon, uliwonse uli ndi msika wakewake ndi mitengo yakeyake. Wochenjera amapikula katundu kumene watchipa, n'kumusenzetsa ng'ombe kupita naye kumene wadula. Aliyense amene adapikulapo tomato kapena nandolo kumudzi kuno n'kukagulitsa ku Limbe sangavutike kumvetsa gemuyi. Munthu atha kukhalanso ndi kachilumba kake kolimapo nyemba, chimanga ndi maungu, ngakhale kuweta nkhuku, ngati kuti wabwera nazo za Mikolongwe.

Munthu akangomva izi angati Albion yapambana. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la Albion lidagawidwa m'madera a mitundu inayi: obiriwira ngati thambo, achikasu, ofiira ndi akuda. M'madera awiri oyambawo munthu akagonja amangodzuka katundu wake ali naye. M'madera ofiira ndi akuda, kumene kuli chuma chenicheni, wosewera mnzako akakupha amakuvula chilichonse, kuyambira chisoti mpaka nsapato ndi hatchi yomwe. Zimene wasonkhanitsa sabata yathunthu zitha kupita m'mphindi imodzi.

Apa ndi pamene malo amene tikukhala amalowerera. Maseva a Albion ali ku Washington, ku Singapore ndi ku Amsterdam. Ukadina batani kuno ku Chiradzulu, uthenga uyenera kupita kutsidya la nyanja n'kubwerako, pamene mdani wako wa ku Ulaya ali pafupi ndi seva ndipo ali pa intaneti ya m'nyumba. Onjezerani pamenepo netiweki imene imathawa kukachita mitambo, ndi foni imene imatha moto magetsi atazima kuyambira m'mawa. Ine ndidaluzapo katundu yense m'dera lofiira popanda kuona ngakhale nkhope ya wondiphayo. Zithunzi zidangouma, ndipo pamene netiweki imabwerera ndidapezeka ndili mumzinda chimanjamanja.

Ku RuneScape zinthu zimayenda pang'onopang'ono. Chilichonse chimachitika pa kugunda kwa wotchi ya gemuyi, kumene kumatenga masekondi 0.6, choncho kuchedwa pang'ono kwa netiweki sikupweteka kwenikweni pantchito zambiri. Dera limene osewera amaphana ndi kulandana, lotchedwa Wilderness, lili kumpoto ndipo lidatchingidwa ndi ngalande, munthu amachita kuidumpha yekha mwadala. Ukafera kwina kulikonse, katundu wako amakudikira pamanda pako kuti ukamutenge. Msika waukulu ndi umodzi, wotchedwa Grand Exchange, pafupi ndi mzinda wa Varrock. Umasiya katundu pamtengo umene ukufuna, n'kupita kukachonga makope, ndipo pobwera umapeza atagulidwa.

Kusiyana kwina kuli pa anthu. Ku Albion mutu umodzi susenza denga. Kuti upite patsogolo uyenera kulowa m'gulu, ndipo magulu amphamvu amaika nthawi yankhondo imene membala aliyense ayenera kupezekapo. Nthawiyo amaikonza anthu a maiko ena, saganiza zoti iwe mawa uli ndi phunziro la 7:30 m'mawa kapena uyenera kulawirira kudimba. Ubwino wake ndi wakuti umapeza anzako enieni ndipo Chingerezi chimasongoka. Kuipa kwake n'kwakuti gemu imayamba kukulamulira ngati bwana. RuneScape munthu atha kuisewera yekha kwa miyezi, kuisiya nyengo yonse yokolola, n'kubwerera popanda womufunsa kumene adali.

Tinene za ndalama. Mawu oti "yaulere" ali ndi malire pamagemu onse awiri. Ku RuneScape gawo lalikulu la dziko ndi maluso ena amatsekulira okhawo olipira pamwezi. Ku Albion dziko lonse ndi lotsekula, koma wolipira amakwera msanga ndipo amakolola zambiri. Malipirowa ndi a ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi ochepa a ife amene angakwanitse. Magemu onsewa amalola kugula umembala ndi ndalama za m'gemu momwemo, koma kuti uzipeze umalipira ndi maola ako.

Pali mphekesera imene ndikufuna kuitsutsa, yoti munthu atha kulemera pogulitsa golide wa m'gemu. N'zoona kuti ku Venezuela, chuma chitasokonekera, anthu ambiri ankadyetsa mabanja awo posonkhanitsa golide wa RuneScape n'kumagulitsa kwa osewera a maiko olemera. Adachuluka kwambiri moti magetsi atazima m'dziko lawo mu March 2019, mitengo ya katundu wina m'gemuyi idasintha. Koma malonda amenewa ndi oletsedwa, ndipo kampani ikakugwira imatseka akaunti yako, thukuta lonse n'kupita pachabe. Mnyamata amene akufuna luso lomudyetsa ndi bwino akagogode ku sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP konkuno ku Mikolongwe kusiyana n'kudalira malupanga a pafoni.

Tsono tisankhe iti? Langizo langa loyamba ndi lakuti musatenge onse awiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada, ndipo gemu iliyonse mwa awiriwa payokha ndi yokwana kudya madzulo anu onse.

Ngati muli ndi foni yamphamvu, mumakhala pamalo pamene netiweki siivuta, muli ndi anzanu atatu kapena anayi oyenda nawo, ndipo mtima wanu umapirira kulandidwa, Albion Online ikusangalatsani. Yambirani m'madera achikasu, ndipo kofiira muzipita mutavala zokhazo zimene simungalire nazo zikapita. Koma kwa ambiri a ife kuno kumudzi, a foni imodzi yotchaja pa sola ndi bandulo yowerengera, ine ndimasankha Old School RuneScape. Chifukwa changa chachikulu n'chakuti imalola kusiyidwa. Mwana akalira, mlendo akaodira, belu likalira, umatseka foni osataya kanthu.

Kwa ophunzira amene akukonzekera mayeso a JCE ndi MSCE, yankho langa ndi lina: dikirani tchuthi. Jagex yomwe salola mwana wosakwana zaka 13 kutsekula akaunti, ndipo gemu imene yakhalapo kuyambira 2001 siithawa chifukwa mwaichedwera teremu imodzi. Makolo nanunso musangolanda foni mwaukali. Khalani pansi, mufunseni mwanayo kuti akusewera gemu yanji, amasewera ndi ndani, ndipo ndalama za bandulo akuzitenga kuti. Mukagwirizana za maola, muonetsetse kuti foniyo ikugona kuchipinda kwanu.

Mphunzitsi,
Mikolongwe, Chiradzulu