Wodzilemba Ntchito ku Britain: Msonkho Usakudzidzimutseni mu Januwale

Mwezi wa Januwale ndi wowawa m'mabanja ambiri a Amalawi okhala ku Britain. Ndalama zimakhala zitathera pa zikondwerero, kumudzi akufuna fizi ndi feteleza, ndiye pa 31 Januwale bungwe lotolera msonkho la HMRC nalo likudikira zake. Amene amasowa tulo kwambiri ndi odzilemba ntchito okha: oluka tsitsi, okonza m'nyumba za anthu, operekera katundu pa galimoto ndi osoka zovala.

Munthu wolembedwa ntchito amalandira malipiro msonkho utadulidwa kale. Wodzilemba ntchito amalandira ndalama zonse m'manja, choncho n'zosavuta kuiwala kuti zina mwa izo si zake.

Chaka cha msonkho ku Britain chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Ngati m'chakacho ntchito yanu yapanokha yalowetsa ndalama zoposa £1,000, musanachotsepo zimene mwawononga, muyenera kulembetsa ku HMRC pofika pa 5 Okutobala chakacho chikatha. Amakupatsani nambala ya manambala 10 yotchedwa UTR. Fomu ya Self Assessment ya papepala imafunika pofika pa 31 Okutobala, ya pa intaneti pofika pa 31 Januwale, lomwenso ndi tsiku lomaliza kulipira. Mukachedwa kutumiza fomu ngakhale ndi tsiku limodzi, chindapusa chimayambira pa £100, ngakhale mutapezeka kuti mulibe msonkho woti mulipire.

Chotonthoza n'chakuti msonkho umawerengedwa pa phindu, osati pa ndalama zonse zolowa. Lamulo limalola kuchotsera zimene mwawononga chifukwa cha ntchitoyo basi: zipangizo, inshuwalansi ya bizinesi, kutsatsa malonda, yunifomu ndi maulendo a ntchito. Ngati foni imodzi mumaimbira makasitomala komanso abale ku Mzuzu, mumachotsera gawo la ntchito lokha. Zovala wamba, chakudya cha panyumba ndi ndalama zotumiza kumudzi sizichotseredwa. Ngati zowononga zanu n'zochepa, mukhoza kungochotsera £1,000 ija m'malo mowerengera malisiti, koma simungachite zonse ziwiri.

Tiyerekeze mayi woluka tsitsi ku Leeds, amene alibe ntchito ina. M'chaka cha 2024/25 walandira £24,000 ndipo wawononga £4,000 pa mesh, mafuta a tsitsi ndi maulendo opita kwa makasitomala. Phindu lake ndi £20,000. Ndalama zoyamba zokwana £12,570 sizidulidwa msonkho. Pa £7,430 yotsalayo alipira 20 peresenti, yomwe ndi £1,486, kuphatikizapo 6 peresenti ya National Insurance, yomwe ndi £445.80. Zonse pamodzi ndi £1,931.80.

Koma nkhani sithera pomwepo. Msonkho ukapitirira £1,000, HMRC kawirikawiri imafuna kuti muyambiretu kulipira wa chaka chotsatira m'magawo awiri, pa 31 Januwale ndi pa 31 Julayi. Ndiye kuti mayi uja, m'chaka chake choyamba, afunika £2,897.70 pa tsiku limodzi. Apa m'pamene ambiri amagwira njakata n'kuthamangira ngongole. Dziwaninso kuti ngati muli pa ntchito yolembedwa, £12,570 ija imakhala itathera kale pa malipiro anu, ndipo phindu la ganyu likhoza kudulidwa msonkho lonse.

Mankhwala ake ndi chizolowezi. Tsegulani akaunti yapadera ya ntchitoyo. Ndalama iliyonse ikalowa, patulani gawo, mwachitsanzo limodzi mwa magawo anayi, ndipo musalikhudze. Jambulani lisiti tsiku lomwelo, chifukwa inki yake imafufutika. Lembaninso ndalama zolandira pamanja. Nazonso zimafunika kuonekera pa fomu. Zolemba zonsezi muzisunge kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pa 31 Januwale wa fomu imeneyo.

Nkhaniyi ndi ya banja lonse. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muuzane kuti ndalama za mu akaunti ija zili ndi mwini wake. Mukatero, pempho ladzidzidzi lochokera kumudzi silidzakukanganitsani, chifukwa nonse mukudziwa zimene mungathe kutumiza. Musanayambe n'komwe ntchito yapanokha, onani zimene viza yanu imalola: ya ophunzira, mwachitsanzo, siilola kudzilemba ntchito.

Ngati tsiku layandikira ndalama zisanakwane, musabisale. Tumizanibe fomu pa nthawi yake, kenako pemphani HMRC dongosolo lolipira pang'onopang'ono lotchedwa Time to Pay. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani akauntanti wovomerezeka kapena a Citizens Advice, ndipo madzulo ano yambani ndi malisiti amene ali m'chikwama chanu.