KADAMSANA WA PA ZAMBEZI: KUYESA MBONI ZA MBIRI

Mwala wocokera pansi pa mgodi suchedwa mkuwa cifukwa ca kuwala kwake kokha. Uyamba wayesedwa ndi akatswiri, ndipo pamenepo mtengo wace udziwika. Momwemonso munthu wofufuza za kale ayenera kuyesa buku liri lonse ndi mau a mkamwa ali onse asanawakhulupirire.

Citsanzo ndi mbiri ya Angoni. Akulu a mtunduwo anasimba kuti tsiku limene Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ace, pafupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Caka sanacichule, pakuti sanali kuwerenga zaka monga ticitira lero. Mabuku ena oyamba analemba kuti cinali caka ca 1825, ndipo olemba ena anangotengera comweco. Koma ophunzira za nyenyezi akhoza kuwerengera masiku a kadamsana wa kale lomwe, ndiponso maiko amene mdima wace unagwera. Ataunika bwino anapeza kuti kadamsana amene anadetsa dziko la Zambezi anacitika mwezi wa November, 1835. Cotero buku linaphonya ndi zaka khumi, koma mau a nkhalamba zosadziwa kulemba anatsimikizika.

Apa pali maphunziro atatu. Loyamba: mau sasanduka oona cifukwa asindikizidwa. Mabuku khumi otengera buku limodzi ali mboni imodzi yokha. Laciwiri: mboni iri yonse ifunsidwe cimene icidziwa. Nkhalamba inadziwa amene anaoloka ndi njira imene anadzera. Wa nyenyezi anadziwa tsiku, koma za Zwangendaba sakadanena kanthu. Lacitatu: coonadi cilimba pamene mboni ziwiri zosapangana zibvomerezana.

Nzeru yomweyi ifunika m'komboni ndi m'tauni. Mphekesera ikamveka yakuti nchito idzatha kapena malipiro adzatsika, munthu wanzeru afunsa kuti: Ananena ndani? Anaona yekha, kapena anangomva? Adzapindulanji anthu akakhulupirira? Alipo wina wosiyana naye wonena zomwezo? Wosafunsa mafunso awa akhoza kusiya nchito yabwino, kapena kudana ndi mnansi wace, cifukwa ca mau opanda mwini.

Akale anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Wofuna coonadi ayenera kudekha comweco.