Alonda osaoneka a nsanja za mafoni ku Katete

Netiweki ikathawa pamsika wa Katete, otumiza ndalama pafoni amangogwira njakata uku mzere wa makasitomala ukutalika. Koma nthawi zambiri vutolo limakhala litaoneka kale pa makompyuta a mainjiniya, m'chipinda chotchedwa NOC, momwe amalandizana usana ndi usiku kulondera nsanja zonse.

Patsinde pa nsanja pamakhala makina a wailesi, mabatire a mavoti 48, ndipo malo ambiri pali jenereta kapena sola. Chipangizo chilichonse amachipatsa adiresi ya IP n'kuchilembetsa mu pulogalamu yolondera. Njira imodzi yolankhulirana ndi makinawa ndi SNMP, yomwe inayamba mu 1988. Pakapita mphindi zingapo, pulogalamu imafunsa kuti mabatire ali bwanji, dizilo watsala wochuluka bwanji, kutentha kwafika pati. Magetsi a ZESCO akazima kapena wina akatsegula chitseko, makinawo amatumiza okha chenjezo osadikira kufunsidwa.

Luso lenileni lagona pa kutchera malire a machenjezowo. Nsanja ya m'mbali mwa msewu wa Great East, pakati pa Sinda ndi Katete, galimoto ya dizilo imaifika msanga. Ya kumidzi ya Vubwi m'nyengo ya dzinja, mitsinje itadzaza, ndi nkhani ina. Wotchera akaika malire ofanana pa nsanja ziwirizi, chenjezo la ku Vubwi lidzalira m'mbuyo mwa alendo. Kumeneko liyenera kulira thanki isanafike n'komwe patheka.

Ayeneranso kuuza pulogalamu kuti nsanja iyi imadalira iti. Chingwe cha faiba chikaduka pa nsanja yaikulu, zonse zodyera pamenepo zimati zii nthawi imodzi. Pulogalamu yotcheredwa bwino imaloza gwero lokhalo, osati kudzaza kompyuta ndi machenjezo ofiira mpaka mainjiniya kusowa pogwira.

Kalendala nayo ndi yofunika. Kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense foni m'manja. Ziwerengero za Kulamba wa chaka chatha, zomwe pulogalamu imasunga, ndizo zimathandiza kudziwa ngati pakufunika kuwonjezera makina khamu lisanafike.

Chilala cha 2024 chinaonetsa kufunika kwa zonsezi. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, majenereta nkumalira osapuma, mabatire osapeza mpata wodzaza. Makampani a MTN, Airtel ndi Zamtel, komanso IHS yomwe ndi mwini wa nsanja zambiri, ankadalira manambala a pa kompyuta posankha koyamba kutumiza dizilo.

Bungwe la ZICTA limayeza mmene netiweki ikugwirira ndipo linalipiritsapo makampaniwa chindapusa. Komabe mlimi wa ku Sinda amene akudikira ndalama za mtedza pafoni safuna kumva za chindapusa. Chimene chimamuthandiza ndi chenjezo lolira nthawi ikadalipo, ndi munthu woti anyamuke likalira.